Tsiku limene a Torleif anasokosa

Tuva anatsitsa foni ya bambo ake mpaka zii, n'kuikankhira pansi pa khushoni. Folo koloko inali itangokwana, ndipo m'mudzi mwawo, kuyambira folo mpaka faifi, ngakhale galu amadziwa kuti sauwa. Anthu akadya mbatata ndi nsomba zawo amayamba apumula ola lathunthu. Sugogoda pakhomo pa munthu, suyimba foni, suwaza nkhuni.

Lamuloli Tuva analiphunzira mowawa. Chaka chapitacho ankamenyetsa mpira kukhoma la galaja nthawi ngati yomweyi, a Torleif a nyumba yoyandikana nayo anatuluka ndi masokosi okha kumapazi, nalanda mpirawo, n'kudzaubweza patatha sabata. Kuyambira tsikulo Tuva ankawatcha Apolisi a Tulo, ndipo akakumana nawo ankayang'ana kumbali.

Lero tulo tinali tofunika zedi. Bambo ake, a Oddvar, anachezera kutsokomola. Zaka makumi atatu zowotcherera zitsulo za sitima zapamadzi zinawadyera mapapo, moti adokotala ananena mosabisa kuti matenda a mliri umene unali utabuka m'dzikomo akawagwira sadzadzukanso. N'chifukwa chake Tuva, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anali atatha miyezi khumi akuphunzira pakompyuta, anzake akumawaonera pawindo. Mayi ake ankagonera kutsidya kwa nyanja, kufakitale ya nsomba komwe ankagwira ntchito, kuopa kubweretsa matenda kunyumba.

Katemera anali atayamba kufika, koma mwa apo ndi apo. Boti la Lachinayi linkabweretsa timabotolo towerengeka. Kabotolo kamodzi kankakwanira anthu asanu ndi mmodzi, ndipo kakatsegulidwa kankayenera kutha pasanathe maola asanu ndi limodzi. Wina akalephera kubwera, namwino wa m'mudzimo, a Gunnhild, ankayimbira anthu a pamndandanda wa odikira. Dzina la a Oddvar linali pamwamba penipeni.

"Foni izikhala pafupi," anatero a Gunnhild powalemba.

Koma ndani angayimbe nthawi yopuma? Tuva anafunditsa bambo ake bulangete pampando wautali, natsegula buku la masamu. Panja chipale chofewa chinkagwa chigwere kuyambira m'mawa, msewu wonse utakwiririka.

Sanawerenge nthawi yaitali. Kunamveka kulira kwa thirakitala, kenako hutala, kenako chibakera pachitseko. Gu! Gu! Gu!

Tuva anathamanga mtima uli m'mwamba. Atatsegula anapeza a Torleif, masiki ili pendapenda, jekete atamanga mabatani mosemphanitsa.

"Bambo anga akugona!" ananong'ona mwaukali. "Inu nomwe simudziwa nthawi?"

"Adzutse! Foni yanu ili kuti, mwana iwe?"

"Ndaitsitsa. Si nthawi yopuma kodi?"

"Gunnhild wakuyimbirani katatu! Wina wa kumtunda walephera kutsika ndi chipalechi, katemera mmodzi watsala. Ikakwana faifi amutaya. Fulumira!"

Tuva anathamangira m'nyumba. Anasolola foni pansi pa khushoni paja, naona nambala ya a Gunnhild itandandalika katatu. Nthawi inali itapitirira hafu pasiti folo. Miyezi khumi yodikira, iye n'kuikwirira pansi pa khushoni ndi manja ake omwe!

"Ababa, dzukani! Ababa!"

A Oddvar anadzuka akutsokomola. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. "Kuholo ya sukulu n'kutali, mwanawe. Ine mtunda umenewu wapansi sindingafike, galimotonso ili ndi amayi ako."

"Ndiye ukuganiza thirakitalayi ndabwera nayo kudzakuonetsa?" anakuwa a Torleif ali panja. "Vala nsapato, Oddvar, usandichedwetse ngati mkwatibwi."

Kumbuyo kwa thirakitala kunali bokosi lonyamulira nkhuni. A Torleif anali atayalamo zikopa ziwiri za nkhosa, poti sakanatha kupanikizana ndi wodwala m'kanyumba ka dalaivala. Tuva anakweza bambo ake, nawakulunga bulangete mpaka m'mphuno, iye n'kukhala pambali atawagwira.

Thirakitala inanyamuka, chitsulo chakutsogolo chikukankhira chipale kumbali. Phokoso lake! Makatani anayamba kusuntha nyumba ndi nyumba. Mayi wina anatsegula windo tsitsi lili nyankhalala.

"Torleif! Wapenga kodi? Anthu tikugona!"

"Mukagona mawa!" anayankha a Torleif, n'kuwonjezera hutala.

A Oddvar anaseka mpaka kutsamwa. Tuva sanaseke. Maso ake anali pawotchi.

"Ababa, tikachedwa ndi ine ndalakwitsa."

"Unkafuna ndigone, basi," anatero bambo ake, namufinya dzanja m'kati mwa bulangete.

Anafika kuholo kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. A Gunnhild anali pakhomo, jakisoni ali kale m'kambale. A Oddvar anakhala pampando pansi pa golo la mpira wamanja, napinda mkono wa juzi. Tuva asanaphethire n'komwe, zinali zitatha.

"Basi?" anafunsa.

"Basi. Wachiwiri pakapita masabata atatu, tsiku ndalemba kale," anayankha a Gunnhild. "Osanyamuka msanga. Akhale kaye pompo mphindi khumi ndi zisanu tiwaone."

Tuva anakhala pansi, misozi ikungoyenderera m'masiki. Atapezako mpweya anati, "Zikomo kwambiri powatuma a Torleif kuti adzatitenge."

A Gunnhild anasiya kupukuta tebulo. "Kuwatuma? Ine sindinatume munthu. Bambo ako atapanda kuyankha ndinapita pa dzina lotsatira, monga mwa lamulo. Dzina lotsatiralo ndi Torleif. Ndinawauza kuti abwere adzabayitse."

"Ndiye katemerayu anali wawo?"

"Anali atasanduka wawo. Koma ine pakamwa panga sipasunga, ndinadandaula kuti anzawo oyandikana nawo nyumba sakuyankha. Anangoti, ‘Usam'patse wina, ndikubwera naye,’ n'kudula foni. Ndipo ndikuuze, mkulu ameneyu wakhala akundivutitsa sabata iliyonse kufunsa tsiku lake. Ali ndi chidzukulu kutauni chimene chinabadwa mwezi wa Meyi, sanachinyamulepo."

Tuva anatuluka panja. A Torleif anali chilili pafupi ndi thirakitala yawo, akumenyetsa mapazi pansi chifukwa cha kuzizira.

"A Torleif," anayamba Tuva.

"Wabayitsa?"

"Eya. Koma katemera uja anali wanu."

"Ine mtima wanga ndi wa hatchi, ndidikira. Bambo ako mapapo awo ndi nsanza." Anayang'ana kunyanja. "Ndinagwira naye ntchito zaka khumi ndi ziwiri, iye m'kati mwa utsi, ine pamwamba pa kireni yonyamula zitsulo pomwe pali mphepo yabwino. Usaime pamenepo ngati mtengo, kawone ngati sanakomoke."

"Ndinkakutchani Apolisi a Tulo," anaulula Tuva.

"Ndikudziwa. Umayesa mawindo anga ndi ogontha?"

Mawa lake Tuva anaphika mabanzi a sinamoni, nakaima nawo pageti la a Torleif mpaka faifi itakwana ndendende, ndiye n'kugogoda. Anayimbiranso a Gunnhild kuwapempha kuti pambali pa dzina la a Torleif alembepo nambala yake, kuti mkuluyo akadzapanda kumva foni, iye adzamve. Kuyambira tsikulo foni yake inkakhala m'thumba, itakwezedwa mpaka pomaliza.

Sabata yotsatira boti linabwera ndi timabotolo tiwiri tokha, ndipo palibe anajomba. Sabata inayo silinabwere n'komwe chifukwa cha namondwe. Kutauni matenda anakwera, ndipo Tuva akaona a Torleif akupita kusitolo, mtima unkamuwawa ngati wawabera.

Lachinayi lachitatu, mphindi khumi zitapitirira folo, foni inalira m'thumba mwake.

"Tuva? Ndine Gunnhild. Watsala mmodzi, koma mnzako uja sakuyankha."

Tuva sanavale n'chipewa chomwe. Anadumpha mpanda, nakwera masitepe a a Torleif, n'kumenya chitseko ndi manja onse awiri. Gu! Gu! Gu!

"Ndani wopanda mwambo ameneyo?" anabangula mawu m'kati. "Nthawi yopuma ino!"

"Mukagona mawa!" anakuwa Tuva. "Valani nsapato, chidzukulu chikudikira!"