Timibulu ta Shuga M'thumba la Jekete

Golnar anakhala pampando wapakona m'kachipinda ka chipatala mumzinda wa Shiraz, manja ali pakati pa maondo. Bambo ake, a Bahram, anali atamuchenjeza m'basi kuti akangoyerekeza kulankhula pamaso pa adokotala, asadzawatchulenso kuti bambo. Za m'nyumba sauza alendo.

Komatu mtsikanayo ankadziwa zambiri. Chidwalireni sitiroko, bambo ake ankatsamwa ndi chilichonse, ngakhale madzi amene. Mpunga ankangoutembenuzatembenuza m'mbale n'kunena kuti akhuta. Lamba wawo anali ataboola kale mabowo ena chifukwa chowonda. Pochapa jekete lawo, Golnar ankapeza m'thumba timibulu ta shuga timene anthu akumeneko amavumata pomwa tiyi. Bambowo ankatitola pamaso pa anthu ngati akumwa nawo tiyi, kenako n'kutibisa. Mayi ake a Golnar anatopa n'kulankhula, ankangoti, "Bisani matenda, maliro tidzamva." Mawu amenewo ndi amene ankamusowetsa mtendere mtsikanayo. Ankaopa kuti tsiku lina bambo ake adzatsamwiratu.

Adokotalawo, mayi Yazdani, omwe amathandiza odwala ovutika kumeza, anafotokoza kuti mafunso amene ali nawo anachokera kunja, ndipo akuwakonza kuti agwirizane ndi anthu akuno. Anayamba ndi akale aja. Atafunsa ngati amavutika kumeza, a Bahram anaika dzanja pamtima n'kuyankha kuti Mulungu ayamikike, ali bwinobwino. Za kutsokomola pakudya anati iyayi, adokotala asadzivute ndi nkhalamba ngati iwo. Atafunsidwa ngati amapewa kukadya kulesitilanti, anachita kuseka, amvekere munthu wa mkazi wodziwa kuphika akatani kumeneko.

Cholembera chinkangochonga ayi, ayi, ayi. Golnar alankhule, awachititsa manyazi bambo ake pamaso pa mlendo. Akhale chete, abwerera kunyumba ndi nthenda yawo m'khosi, adokotala atalemba kuti ndi munthu wabwinobwino. Anayang'ana chitseko, koma kothawira kunalibe.

Mayi Yazdani anatembenuza pepala.

"Ili ndi funso lathu latsopano, bambo. Tonsefe timakana chakudya koyamba ndi kachiwiri, ndiwo ulemu wathu. Koma kodi munakanapo mpaka kachitatu, mwini nyumba akukuchondererani?"

Golnar anakumbukira phwando la chaka chatsopano kwa azakhali ake, a Parvaneh, mlongo wa bambo ake. Azakhaliwo anaphika mpunga wa masamba onunkhira ndi nsomba, chakudya chimene a Bahram ankachikonda kuyambira ali mwana. Anakana koyamba, anthu akumwetulira. Anakana kachiwiri. Atakana kachitatu, azakhali anachotsa mbale misozi ili lengelenge, poganiza kuti mlongo wawo wanyoza nyumba yawo. Chichokereni tsikulo azakhaliwo sanaimbenso foni.

"Ayi," anatero a Bahram, koma mawu anali apansipansi.

Cholembera chinatsikiranso papepala. Apa Golnar analephera kupirira.

"Bambo," anatero, "mundikane kuti si ine mwana wanu, palibe kanthu. Koma azakhali akuganiza kuti mumadana nawo."

Anaweramitsa mutu kudikira mkwiyo. A Bahram anamuyang'anitsitsa, kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa timibulu ta shuga, tina titathimbirira kale, n'kutiika patebulo pamaso pa mayi Yazdani.

"Fufutani mwalembazo, mayi. Tiyambirenso funso loyamba lija." Anameza mate movutikira n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tikatuluka muno uwaimbire azakhali ako. Uwauze kuti nsomba ija ndinkaifuna ndi mtima wonse. Ndinkangoopa kufera m'nyumba mwawo, alendo akuona."