Njerwa za Chinyumba Chofiira

Bowo loyamba Mayi Dorika Gwaza analiona Lolemba m'mawa, chifunga chisanachoke m'munsi mwa phiri la Dedza. Pakhoma la Chinyumba Chofiira, pafupi ndi zenera la ofesi yawo, panasowa njerwa. Sinagwe ayi, chifukwa pansi panalibe ngakhale kachibenthu. Inachotsedwa mwaulemu, dothi lomangira litapalidwa bwinobwino, monga amachitira munthu wozula dzino la mwana wake.

Mayi Gwaza ankaphunzitsa mbiri yakale payunivesitepo, ndipo chinyumbacho ankachidziwa kuposa nyumba yomwe ankagonamo. Ndicho chinayamba kumangidwa pamalopo, pakadali sukulu ya aphunzitsi ya amishoni, akhristu a m'midzi ataumba njerwa ndi manja awo. Zina zonse zinabwera pambuyo: laibulale ya magalasi, mahositelo osanjikizana, holo yomwe inayamba kudontha chaka chomwe anaitsegulira. Tauni nayo inakwawa mpaka kudzazinga mpanda. Tsopano akuluakulu anali atagamula kuti chinyumbacho chigwetsedwe, njerwa zake ziphwanyidwe, akazitsire poimika magalimoto. Aphunzitsi onse anasamuka. Mayi Gwaza anakana kwamtuwagalu. Anati adzatuluka tsiku lomwe chigalimoto chogumulacho chidzafike n'kunena odi pakhomo.

Lachiwiri mabowo anachuluka, khoma n'kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Manong'onong'o anayamba. Atsikana a m'hositelo yoyandikana anati usiku amamva kupala, kwee, kwee, ngati munthu akunola mpeni pamwala. Wina anati anaona zinthu zoyera mitu zikuyenda m'chifunga. A Gervazio, mlonda wa mbali imeneyo, anapempha kuti aziwaika kugeti, ati kuchinyumbako ngakhale agalu sakuuwa. Ophunzira omwe masana ankakhoza sayansi, usiku ankagona atavala kolona m'khosi.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera a Harold Kanyumbu, oyang'anira nyumba ndi katundu wa yunivesite. Anaima pakhomo, osalowa.

"Mayi, tisabisane. Wotsala m'chinyumba muno ndinu nokha. Akuluakulu akuti mukudziwa amene akuba njerwazi, mwinanso mukuwatuma ndinu kuti anthu aope."

"Ine ndizituma mizukwa, a Kanyumbu? Ndikanakhala ndi mphamvu zimenezo, bwenzi ikubwera kunyumba kwanu."

"Sekani lero. Lachisanu m'mawa komiti ikukumana. Mudzatipatse maina a akubawo kuti tikawapereke kupolisi, apo ayi mudzasiye makiyi. Ntchito idzathera pomwepo."

Mayi Gwaza anawayankha mokweza, koma a Kanyumbu atachoka, anakhala pansi n'kuyamba kulingalira. Ntchitoyo anaivutikira zaka zambiri, ndipo kunyumba kunali ana awiri a malemu mng'ono wawo omwe ankadalira iwo. Mantha analipo ndithu. Koma mkwiyo unaposa manthawo, ndipo anatsimikiza zoona ndi maso awo.

Lachitatu sanapite kunyumba. Anazimitsa magetsi, n'kukhala pampando atafunda bulangeti, kuzizira kwa mwezi wa Julaye kukulowera m'mabowo. Maminibasi a pamsewu waukulu analeka kulira. Nyimbo za m'malo omwera mowa a kutauni zinazilala, kunja n'kuti zii. Kenaka kumbuyo kwa mutu wawo, mkati mwenimweni mwa khoma, munayamba kupala. Kwee. Kwee. Dothi linkayoyokera pansi pang'onopang'ono. Kupalako kutaleka, anamva mawu otsika kwambiri, ngati anthu akuyankhira pemphero. Anadzuka n'kutsegula chitseko. Kunja kunali chifunga chokhachokha, chokhuthala moti nyali ya pafoni inangothera pamapazi awo. M'mwamba munali kafungo ka fodya wa m'mphuno.

Kafungo kameneko kanawalimbitsa mtima. Mzukwa wofwenkha fodya anali asanaumvepo.

Lachinayi anakabisala panja, m'mitengo ya paini yoyang'anizana ndi khomalo. Anadikira mpaka zala zinachita dzanzi. Pamene ankati basi abwerere, mpanda wa kumtunda unagwedera, ndipo m'chifunga munatuluka mitu yoyera, umodzi pambuyo pa unzake, yopanda nyali, yopanda mawu. Zinthuzo zinafika pakhoma n'kuyamba kulisisita ndi manja, njerwa ndi njerwa, ngati wakhungu akufunafuna nkhope ya m'bale wake. Chimodzi chinaima, chinagwada, n'kuyetsemula.

Kuyetsemula kumeneko Mayi Gwaza akanakuzindikira ngakhale pamsika wa Chimbiya.

"Azakhali?" ananong'ona.

Mitu yonse inatembenuka. Inali mipango yoyera ya amayi a kutchalitchi, pamodzi ndi madoda angapo a imvi. Yemwe anagwadayo anali a Filomena, alongo awo a malemu bambo a Mayi Gwaza, ochokera ku Kaphuka. M'manja anali ndi supuni yakutha.

"Tsitsa mawu, Dorika, usatiitanire alonda," anatero. "Gwira apa."

Azakhaliwo anawagwira dzanja n'kuliika panjerwa yomwe anali atangoisolola. Kunsi kwake kunali chidindo cha mtanda wokhota, ndipo kansonga ka mtandawo kankaonekera m'mphepete.

"Awa ndi amalume awo a mayi awa," anatero, akuloza mnzawo yemwe anaima pambali pawo. "Pa nthawi youmba, abambo mfumu ankafuna kudziwa ngati banja lililonse lakwanitsa gawo lake, ndiye aliyense ankadinda chizindikiro chake dothi likadali lofewa. Wina chitsononkho, wina mkanda, wina dzanja. Ambiri anagona opanda chiliza, mwanawe. Tinabwera masana kudzapempha kuti tikaike njerwazi kumitu ya manda awo. Anatibweza pageti, ati tilibe chilolezo. Ndiye azigogo athu azipondedwa ndi matayala?"

Za zidindozo Mayi Gwaza ankazidziwa, ankaziphunzitsanso m'kalasi. Chomwe sankadziwa n'chakuti eni ake anabwezedwa pageti. Misozi inalengeza, ya chisoni ndi ya ukali pamodzi.

"Nanga ya abambo?"

"Ya achimwene a Kalisto ili uko." Azakhaliwo analoza pamwamba, pansi pa denga, pomwe pankathera khoma la ofesi. "Dzanja lamanzere lopanda kachala kakang'ono. Anaika okha pomaliza kumanga. Ife sitingafikepo, makwerero tilibe. Komanso si ife oitenga, mwana wawo ulipo."

Kenaka azakhaliwo anasendera kukhutu kwa Mayi Gwaza.

"Koma pali china. Njerwa za mabanja omwe anatha psiti, opanda ngakhale mdzukulu, ife sitizikhudza. Tikumangopeza mabowo."

"Ndiye akutenga ndani?"

"Funso limenelo sitifunsa usiku."

Anthuwo anamanga njerwa zawo m'zitenje, anayankhira pemphero la omwalira motsitsa, n'kulowanso m'chifunga. Mayi Gwaza anakhoma ofesi, anaika kiyi m'thumba, n'kupita kunyumba. Tulo sanatione. Maina anali nawo tsopano, onse ankawadziwa kuyambira ali mwana. Kutchula limodzi lokha kukanapulumutsa ntchito yawo.

Lachisanu m'mawa anapeza chitseko chili chokhoma monga anachisiyira. Atatsegula, anaima chilili. Patebulo, pakati penipeni, panali njerwa. Pamwamba pa khoma, pansi pa denga, panali bowo lomwe dzuwa linkalowerapo, ndipo dothi linali litayoyokera mkati mwa ofesi. Anaitembenuza njerwayo. Dzanja lamanzere lopanda kachala kakang'ono. Anaika dzanja lawo m'chidindomo, n'kulichotsa msangamsanga. M'chipinda monse munali mozizira ngati m'mtsuko, koma njerwayo inali yofunda ngati yangotuluka mu uvuni.

Anaikulunga m'chitenje n'kulunjika ku komiti.

Akuluakulu anali atakhala kale, majekete atamanga mabatani. A Kanyumbu anakonza kukhosi.

"Mayi Gwaza, maina aja mwabwera nawo?"

"Ndabwera ndi limodzi."

Anamasula chitenje n'kuika njerwayo patebulo lonyezimiralo, fumbi lofiira n'kumwazikira pamapepala.

"Dzina lake ndi Kalisto Gwaza. Ndi amene anaumba njerwa iyi, ndipo usiku wathawu waichotsa pakhoma n'kuiika mu ofesi yokhoma. Amagona ku Kaphuka, kumanda a kuseri kwa tchalitchi. Tumizani apolisi akamugwire."

"Mayi, pano si pamasewera. Nanga enawo?"

"Enawo anabwera masana, munawabweza pageti. Maina awo mukanawafunsa tsiku limenelo. Kwa ine simuwamva."

A Kanyumbu anatambasula dzanja kuti akankhe njerwayo ichoke pamapepala. Atangoikhudza, analibweza ngati agwira mbaula, n'kuyang'ana zala zawo. Kenaka wapampando anati motsitsa, maso ali pansi:

"Siyani makiyi, mayi."

Mayi Gwaza anawaponya patebulo. Anakulunganso njerwa ija, anaisenza pamutu monga amasenzera amayi a kwawo, n'kudutsa pakati pa yunivesite dzuwa likuswa mtengo, ophunzira akupatuka. Pageti a Gervazio anavula chipewa, osafunsa chilolezo.

M'minibasi yopita ku Kaphuka anaiika pamiyendo. Kondakitala anafunsa ngati katunduyo angamuike kumbuyo.

"Ayi," anatero Mayi Gwaza. "Awa ndi abambo anga, akupita kwawo."

Njerwayo inali ikadali yofunda.