Renske ndi Mphaka Wabodza

Renske ankafuna kutsetsereka pa ayezi, madzi oundana a m'ngalande. Anali asanatsetserekepo. Chaka chatha ngalande sinaundane. Chaka chinacho sinaundanenso.

Tsiku lina m'mawa Auke, mchimwene wake, analowa akuthamanga.

"Yaundana! Ngalande yaundana! Anthu onse ali komweko!"

Bambo anatenga nsapato zotsetserekera. Anatenganso mpando wa kukhitchini. Mwana akamaphunzira kutsetsereka amakankha mpando. Mpandowo ndi umene umamuchirikiza.

"Tiye, Renske," anatero Bambo. "Mawa kugwa mvula. Ayezi asungunuka."

Renske anali pa sofa ndi tabuleti. M'tabuletimo munali gemu. M'gemumo munali mphaka. Dzina lake anali Pim. Renske ankamudyetsa tsiku ndi tsiku.

Renske anaimirira. Pim analira.

"Usandisiye! Ndifa ndi njala!"

Renske anakhalanso pansi.

"Sindipita!" anatero.

"Ha! Make mphaka wa pagalasi!" Auke anaseka. "Umubereke kumbuyo!"

"Achimwene, mundisiye! Ndati sindipita!"

Bambo sanakalipe. Anaika mpando pansi. Anakhala pafupi ndi Renske.

"Tamudyetsa ndione, mwanangu."

Renske anamupatsa nsomba. Pim anadya. Anamupatsa mkaka. Pim anamwa. Mimba yake inali ndiii!

"Tsopano imirira," anatero Bambo.

Renske anaimirira. Pim analiranso.

"Usandisiye! Ndifa ndi njala!"

"Wangodya kumene," anatero Bambo. "Nanga njalayi yachokera kuti?"

Renske anayang'ana Pim. Anayang'ana Bambo.

"Gemuyi anaipanga ndi anthu," anatero Bambo. "Anamuuza Pim kuti azilira ukafuna kuchoka. Safuna kuti uchoke."

"Ndiye akundipusitsa, Ababa?"

"Wadzionera wekha."

Renske anakwinya nkhope. Iye sankafuna kupusitsidwa.

"Khala pang'ono!" anatero Pim. "Ndikupatsa nyenyezi!"

"Ayi!"

"Ndikupatsa chipewa chagolide!"

"Ayi!"

"Ndilira tsiku lonse!"

"Lira!" anatero Renske. Anazimitsa tabuleti yekha. Anaipereka kwa Bambo. Anavala jekete. Mpando ananyamula yekha.

Ku ngalande kunali anthu ambiri. Kunkazizira mpaka mphuno kuwawa. Renske anagwira mpando. Anaukankha. Miyendo inatagalala. Phii! Anagwa.

"Bwerera kwa mphaka wako!" anakuwa Auke.

"Sindibwerera!"

Bambo anatambasula dzanja.

"Musandigwire, Ababa. Ndidzuka ndekha."

Anadzuka. Anakankha mpando. Anagwanso. Anadzukanso. Anakankhanso. Mpando unapita. Renske anapita nawo. Anadutsa mlatho. Anadutsa amayi ogulitsa koko wotentha.

Kenako anausiya mpando.

"Ababa, taonani! Palibe mpando!"

Auke anatembenuka kuti aone. Sanaone mpando umene unali patsogolo pake. Gubudu! Anagwa chagada.

"Achimwene, bwerekani mpando wanga!" anakuwa Renske. "Ine ndathana nawo!"

Bambo anaseka mpaka misozi. Auke nayenso anaseka. Bambo anagula koko. Onse anamwa ataima pa ayezi.

Madzulo, atabwerera kunyumba, mvula inayamba kuwaza. Renske anali atatopa. Mawondo ankawawa. Koma mtima unali mbee!

"Ababa, ndimuone Pim pang'ono?"

"Pang'ono pokha. Tikayamba kudya, uzimitse."

Renske anayatsa tabuleti. Pim sanafe. Sanaonde n'komwe. Mimba yake inali ndiii!

Amayi ake anaitana kuti chakudya chapsa. Renske anaimirira.

"Usandisiye!" analira Pim. "Ndifa ndi njala!"

"Bodza," anatero Renske. "Wanjala ndine."

Anazimitsa. Anathamangira ku tebulo.