Pulamu wa M'chitini

Masozi anali ndi mtengo m'chitini. Dzina la mtengowo linali pulamu. Masamba ake sanali obiriwira. Anali ofiirira ngati nthudza zakupsa.

Masozi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mtengowo usafe bambo ake asanabwere.

Bambo ake, a Pitala, ankasamala maluwa pa famu ina ku Mitundu. Kamtengoko anapatsidwa kumeneko. Kenako ntchito inatha. A Pitala analembetsa ulendo wa ku Joni, kumigodi.

Tsiku lonyamuka anati, "Masozi, mtengowu usaubzale pansi. Ndikabwera, tidzaubzala awiri."

"Ndamva, ababa," anatero Masozi.

Masozi ndi amayi ake anasamuka. Anachoka ku Mitundu. Anapita ku Nathenje, kwawo kwa amayi. Amayi anasenza katundu. Masozi anasenza chitini.

Ku Nathenje Masozi analibe mnzake. M'mawa amayi ankapita kudimba. Masana ankapita kukaphunzira nyimbo za chipani. Masozi ankatsala pakhonde. Iye ndi chitini. Chitini ndi iye.

Basi ikaima pamsewu, Masozi ankaimirira. Ankatsika anthu a mitolo. Ankatsika anthu a nkhuku. Bambo ake sankatsika.

Mvula inagwa, inatha. Inagwanso, inathanso. Mtengo unakula. Kenako unayamba kufota. Tsamba linagwa. Lina linagwanso.

Zipora, mwana wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda.

"Iwe wa ku Mitundu, mtengo wakowo uli ndi njala," anatero Zipora. "Chimanga chathu chikafiira chonchi, ababa amati ndi njala."

"Si chimanga ichi," anayankha Masozi. "Unabadwa wofiira."

"Nanga ukuthothoka bwanji ngati nkhuku yachitopa?"

Zipora atachoka, Masozi anathira manyowa. Anathira phulusa. Anathira madzi. Madziwo anangodutsa, n'kutulukira pansi. Masamba sanaleke kugwa.

Amayi atabwera, ananyamula chitini. Mizu inali itatulukira m'mabowo.

"Si njala iyi," anatero amayi. "Chitini chachepa. Ubzale pansi."

"Ayi, amayi. Ababa anati tidzabzala awiri."

"Ndiye ufa," anatero amayi. Iwo sankazungulira polankhula.

Masozi anakhala pakhonde. Anayang'ana mtengo. Anayang'ana msewu. Basi inaima. Basi inapita.

M'mawa mwake Zipora anadutsa atasenza mtsuko waukulu. Mtsukowo unali wobooka pansi.

"Ukupita nawo kuti?" anafunsa Masozi.

"Kudzala. Sukusunganso madzi."

Masozi anayang'ana mtsuko. Anayang'ana chitini. Mtsuko si pansi ayi.

"Undipatse," anatero Masozi.

"Utungiramo chiyani, mphepo?"

"Bwera udzaone."

Zipora analowa kumpanda. Awiriwo anaika phale pabowo. Anatapa dothi lakuda la kudimba. Anasakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola.

Masozi anakoka mtengo. Mtengo unakana. Zipora anakoka chitini. Chitini chinakana.

Amayi anabwera ndi mpeni. Anang'amba chitini, kwee. Mizu inali itazungulira ngati nkhata. Dothi linali litatha. Munali mizu yokhayokha.

Masozi anamasula mizuyo ndi zala. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Anaika mtengo mumtsuko. Zipora anathira dothi. Masozi anatsindira. Amayi anathira madzi. Tsopano madzi anakhala kaye, kenako anadontha.

Anaika mtsuko pamthunzi.

Kunazizira. Masamba onse anagwa. Panatsala timitengo tokha.

"Wafa," anatero Zipora.

"Sindikudziwa," anatero Masozi.

Koma Zipora ankabwerabe m'mawa uliwonse ndi chikho cha madzi. Ankathirira awiri. Ankakhala pakhonde awiri.

Kutayamba kutentha, Zipora anaona kanthu panthambi. Kaduwa kakang'ono, koyererako. Mawa lake maluwa anali ambiri. Kenako masamba anaphuka. Ofiirira ngati nthudza zakupsa.

Mvula itayandikira, basi inaima pamsewu. Anatsika anthu a mitolo. Anatsika anthu a nkhuku. Kenako anatsika munthu wa chipewa ndi sutikesi.

Masozi anathamanga.

Atafika pakhonde, a Pitala anafunsa, "Chitini chija chili kuti?"

"Chinachepa, ababa. Koma pansi sindinabzale."

A Pitala anayang'ana mtengo. Anayang'ana diresi la Masozi. Manja a diresilo anali othina.

"Ndaona," anatero. "Zachepa zambiri pano."

Amayi anaseka, n'kupita kukatenga khasu.

A Pitala anakumba dzenje. Masozi anagwira mtengo. Anaubzala awiri. Amayi anakwirira. Zipora anathira madzi.

Kumsewu basi ina inaima. Masozi sanacheuke.