Belu la pa Siteshoni Yakale

Esinala ankayanika nsomba pakhonde la siteshoni yakale, kufupi ndi Bangula, pamene mnyamata wa njinga yamoto anaima.

"Chemwali, sitima ifika nthawi yanji?"

"Mwachedwa, achimwene!" anaseka Esinala. "Yomaliza inadutsa ndisanabadwe. Madzi atakokolola mlatho, basi, siteshoni inafa."

Anali Golden, ndipo pakamwa pake panali potsekemera. Mawa lake anabweranso. Ndiye kukonda mbiri mnyamatayo! Esinala anamuonetsa kawindo kogulitsira matikiti, ndi pomwe ankakwezera thonje lopita ku Beira.

"Malemu bambo anga ndiwo ankaliza belu sitima ikamafika," anatero monyadira.

"Nanga belulo lili kuti, duwa langa?"

Esinala anazengereza. Belulo linkabisidwa kudenga la chipinda cha matikiti poopa akuba zitsulo. Ankalitulutsa nthawi ya dzinja yokha, kuti Shire akasefukira lidzutse mudzi, anthu athawire pamtunda pa siteshoni.

Madzulo foni inalira. Anali Golden. "Esi wanga, mtima wanga, pa ukwati wathu tidzaliza belu la bambo ako. Nsanje yonse idzamva!"

Kodi mwamuna wodzakukwatira nkumubisira chinthu? Atabweranso, anamuonetsa. Golden analisisita belulo mwachikondi kuposa momwe ankasisitira dzanja la Esinala, koma mtsikanayo sanaone kanthu.

Sabata yotsatira foni ya Golden inasiya kupezeka. "Mwina wadwala," anadzitonthoza Esinala.

Atapita kukagulitsa nsomba ku Bangula, anamuona Golden pamalo ogulira zitsulo zakutha. Pasikelo panali zidutswa za mkuwa. Pachidutswa china pankalendewera chingwe chomwe bambo ake analuka ndi manja awo.

"Golden! Belu la bambo anga?"

Mayi wobereka mwana kumsana anatembenuka. "Bambo a Lucky, ndani ameneyu?"

"Aaa, wogulitsa nsomba chabe," anayankha Golden, osamuyang'ana n'komwe.

Chabe! Duwa lija? Mtima uja? Esinala analira njira yonse, nsomba osagulitsa ngakhale imodzi.

Pofika kumudzi, kumapiri kunali kutada bii. Pakhonde la siteshoni anapeza a Lazaro, mnzawo wa bambo ake, atanyamula makwerero.

"Wafika bwino, mwananga. Shire wayamba kudzaza, ndipo kumtunda ikugwa mvula yamphamvu. Tsegula titsitse belu, ana agone mtima uli m'malo."