Buku Lophikira la Amparo

Chinthu choyamba chimene Don Eleuterio Bazán anachizindikira chinali sinamoni, ufa wonunkhira wokometsera chakudya. Anamugula Loweruka ku msika wa pachaka wa kunja kwa Córdoba, kumene anthu amavala malaya achitsulo n'kumadya ngati Azungu a zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, koma pofika Lolemba m'botolomo munali mutachepa.

Kwa zaka makumi atatu Eleuterio, mphunzitsi wa mbiri yakale, ankanyoza msikawo kuti ndi masewera a anthu osaphunzira. Mkazi wake Amparo ankaphika kumeneko chaka ndi chaka, koma iye sanalaweko ngakhale kamodzi. Anapitako mkaziyo atamwalira, ndipo pa tebulo la Casilda, mayi wogulitsa zokometsera ndiwo, anapeza buku la maphikidwe akale lokopera pamanja. Zilembozo anazidziwa.

"Mwabwera, aphunzitsi? Akuluakulu ngati inu kwa ife amisala?" anatero Casilda. "Analisiya kuno malemuwo. Koma tamverani: mmenemo mulibe mawotchi. Akati nkhuku iwire kwa mapemphero atatu a Atate Athu, muzinenadi atatuwo."

Eleuterio anaseka, koma bukulo analitenga. Kunyumba anawerengetsera kuti mapemphero atatu ndi mphindi ziwiri, naphika akuyang'ana wotchi, pakamwa pali tseke.

Usiku umenewo anamva kamtondo kakulira kukhitchini, pang'onopang'ono, ngati wosinjayo sakufuna kudzutsa munthu. Atayatsa magetsi anapeza munsi uli wofunda.

Usiku wachiwiri kunabwera fungo la nkhuku ndi sinamoni, kenaka manong'onong'o. Winawake ankanena Atate Athu mumdima, koma atafika pa mawu opempha chikhululukiro anaima. Kenaka anayambanso poyambirira. Anachita choncho mpaka kunja kunayera, akuima pamalo omwewo.

Eleuterio anamuimbira foni Casilda. "Mayi, lekani zachibwana. Mwatuma ndani kunyumba kwanga?"

"Ine? Ndi miyendo yangayi? Simunanene mapemphero, eti? Amati mphika wosaupempherera sutsika pamoto, aphunzitsi. Wina amayenera kuutsiriza."

Usiku wachitatu Eleuterio anatsikira kukhitchini osayatsa kanthu. Pa chitofu panali kamoto kobiriwira, mphika ukubwata, ndipo pa tebulo panali mbale ziwiri. Mawu aja anayamba kumbuyo kwake, pafupi ndi khutu, nafika pamalo paja, nadikira.

Eleuterio, munthu amene sanapepesepo kwa mkazi wake m'moyo wonse, anatsegula pakamwa. Anapempha chikhululukirocho, natsiriza pemphero lonse.

Mpando wa kutsidya kwa tebulo unakhwekhwereka pang'ono.

"Atsala awiri, bambo," anatero mawu a Amparo mofatsa. "Musafulumire. Chikapsa tidyera limodzi."

Eleuterio anayang'ana mbale ziwirizo kwa nthawi yaitali. Kenaka anayamba lachiwiri.