Chinthu cha m'Chikhakha

Mudzi unali zii ngati kumanda, dzuwa lili paliwombo. Anthu onse a ku Lungwena anali atawakusira ku msonkhano wa chipani, moti Sumani anatsala yekha pakhonde, mpeni wotumbulira nsomba uli m'manja, maso ali pa chikhakha cha phazi lake.

Mnyamatayu ankapambana mipikisano yothamanga ya masukulu ku Mangochi, mpaka phazi linathyoka n'kuchitidwa opaleshoni. Tsopano m'kati mwa chikhakhamo munkayenda chinthu. Chinkakwawa, kuima, n'kuyambanso. Azakhali ake, a Mwanamvua, sanakayike n'komwe: "Anakutchera anzako othamanga nawo. Chotsa chimwalacho tikakutemere mphini." Chifukwa cha mawu amenewa, tsiku lokaonana ndi dokotala analijomba dala.

Atangolowetsa nsonga ya mpeni, anamva mapazi kuseri kwa nyumba. Gu, khwee. Gu, khwee. Si mayendedwe a munthu amenewo! Nkhuku zinabalalika. Sumani anagwidwa nthumanzi, ndipo katswiri wathuyu sakanatha kuthawa ngakhale kamba.

Chinthucho chitatulukira, anali adokotala Ambrose, amene anamuchita opaleshoni, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala ankangowaona ali chiimire pambali pa bedi, sanadziwe kuti amatsimphina.

"Iwe Sumani, ndinakudikira Lachiwiri. Mpeniwo ndi wa chiyani?"

"Muli chinthu umu, adokotala. Chikuyenda."

Adokotala anakhala pansi movutikira, ananunkhiza chikhakha, nafinya chala chilichonse cha phazilo. "Zala n'zofunda, fungo palibe. Chikuyendacho ndi bala lako. Likamapola limayabwa."

"Nanga galimoto yachipatala ili kuti?"

"Yanyamula amayi okavina ku msonkhano wa chipani. Basi yandisiya kumsewu, kwinako ndayenda."

"Ndi mwendo umenewo?"

Iwo anamasula nsapato yawo yakumanzere, yaikulu ndi yolemera. Sumani anafuna kuyang'ana kumbali koma analephera. Phazilo linathera pakati, lopanda chala ngakhale chimodzi, ndipo pakakolo panali mizere ya mphini zakale.

"Inenso chikhakha changa ndinachidula ndili msinkhu wakowu, phazi n'kuvunda," anatero adokotala. "Ndinkathamanga kuposa iwe. Kungoti panalibe wondilondola kumudzi."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira Sumani. Anapereka mpeniwo ndi manja awiri.

"Ndidikire mpaka liti, adokotala?"

"Mpaka ndidzakuuze ine. Ukadzabwerera pabwalo, udzathamangire tonse awiri."